Kale Mvula Inkasunga Nthawi Yake

Ana anga ndi adzukulu anga, ife amene tinakulira m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Nkhoma sitinkadalira kalendala ya pakhoma kuti tidziwe pamene chaka chafika. Munda ndiwo unkatiuza, tchalitchi n'kutsimikiza. Ziwirizi zinkayendera limodzi, moti zimene mlaliki ankanena Lamulungu zinali zomwezo tazisiya kumunda Loweruka. Lero ndakalamba. Anzanga amene tinkakhala nawo benchi imodzi anagona kumasano, mayi anu nawonso anatsogola, ndipo chaka chimene tinkachidziwa chija sindikuchionanso. N'chifukwa chake ndati ndikusimbireni ndisanatsikire kulichete.

Chaka chathu chinkayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mpaka kugonthetsa m'khutu. Mitengo ya mombo ndi tsamba inali itaphuka masamba ofiira, anthu atatha kusosa, ali kalikiliki kugalauza mizere. Kenaka chizimalupsa chinkagwa, fungo la dothi n'kudzaza mudzi wonse. Pakati pa Novembala mvula yobzalira inkabwera, ndipo sinkanama. Mbewu yathu inali ya makolo, ngala zosankha zimene amayi ankapachika kudenga la khitchini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Ndikuwaonabe bambo anga ataima pangodya ya munda mbandakucha, chipewa chili m'manja, khasu alitsamiritsa pamwendo, ife ana titagwada pamzere wonyowa. Pemphero lawo linali lalifupi. Ankakumbutsa Mulungu zimene analonjeza Nowa chigumula chitatha, zoti kubzala ndi kukolola sikudzalekeka, akatero n'kuponya njere zitatu m'phando loyamba. Palibe mwana ankayamba kubzala Ameni asanamveke.

Khrisimasi inkatipeza chimanga chili m'mawondo, manja ali matuza ndi kupalira. Inali tsiku limodzi lokha loika khasu pansi pakati pa ntchito yowawa, ndipo kukoma kwake kunali komweko. Usiku wake ana a Sande Sukulu ankachita sewero la kubadwa kwa Yesu, abusa a nkhosa atafunda mabulangete a kwawo, nyali yagalasi ili pathebulo, ngumbi zikuizungulira. Kukacha kunali tiyi wa mkaka ndi buledi, masana mpunga wa nkhuku. Kwa ambiri a ife mpunga tinkaulawa tsiku limenelo basi. Amalume ochokera ku Joni ankatsika ndi sutikesi yachitsulo, mwana aliyense n'kupatako malaya kapena diresi, ngakhale lalikulu msinkhu. Mbale zinkayenda khomo ndi khomo, ndipo nkhalamba yopanda mwana sinkagona ndi njala tsiku la kubadwa kwa Ambuye.

Chikondwererocho sichinkakhalitsa. Januwale ndi Febuluwale inali miyezi ya mayesero: nkhokwe zatsika, malungo avuta, maliro achuluka. Tinkadya kamodzi patsiku, nsima ya gaga ndi nkhwani kapena bowa. Akuluakulu amene anaona njala ya 1949 ankatitonthoza kuti imeneyi si njala, ndi kudikira chabe. Anansi athu a Chikatolika ankadzola phulusa pamphumi n'kuyamba nyengo yawo yosala, koma kunena zoona mudzi wonse unali kusala, wa mpingo uwu ndi wa mpingo uwo. Pa 3 Malichi dziko lonse linkakhala chete kukumbukira amene anaphedwa mu 1959. Khasu silinkagwiridwa, wailesi inkangoimba zachisoni. Mantha analipo masiku amenewo, sindingabise, komabe m'tchalitchi tinkapempherera ndi mtima wonse mabanja amene anataya ana awo.

Pasaka ndiye ankandikhudza koposa. Amabwera mu Malichi kapena Epulo, nthawi yomwe dowe wakhwima, maungu apsa, nkhaka ndi misinde zili mbwee. Mwana amene anaonda mu Febuluwale ankayamba kubwerera thupi. Tsono mlaliki akanena kuti Yesu anauka kwa akufa, sitinkavutika kumva. Njere ija tinaikwirira m'dothi mu Novembala inali itaima m'munda, yabereka. Lachisanu Loyera tinkalira, Lamulungu n'kulawira kutchalitchi mame akadali m'njira, tikabwerako mphika wa dowe ndi maungu uli pamoto. Ndimakhulupirira kuti Mulungu anatikomera mtima anthu a dziko lino potiikira chikondwerero cha kuuka pakhomo penipeni potulukira m'njala.

Tikatema chimanga n'kuimika mikukwe, tikakolola n'kututira m'nkhokwe, kunkabwera Lamulungu la masika, m'nyengo yachisanu. Ana anga, mukanaona! Njira zonse zopita kutchalitchi zinkadzaza amayi osenza mitanga ya chimanga, malichero a mtedza, nyemba, mbatata ndi maungu. Abambo ankabwera ndi nkhuku kukhwapa, ena akukoka mbuzi, ena pangolo. Mayi anu ankayamba dzulo lake. Ankakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe, ngala iliyonse n'kuitembenuza m'manja, yokhala ndi mipata kapena yoboola kuika padera. Ankati kwa Mulungu sikupita chimanga chimene iwe mwini ungachite nacho manyazi pamaso pa apongozi. M'mawa ankavala bulauzi yoyera ya Chigwirizano, kuika nkhata pamutu, ine n'kuwasenzetsa. Mudzi uliwonse unkaitanidwa ndi dzina, n'kulowa ukuimba, mulu wa chimanga n'kumakwera kutsogolo kwa gome. Mkulu wa mpingo ankawerenga Deuteronomo 26, pamene Aisraeli analamulidwa kubweretsa zipatso zoyamba mumtanga, ndipo tinkaona kuti mawuwo akunena ife. Gawo lina la dzinthuzo linkagulitsidwa kuti lithandize ntchito za mpingo, lina linkasungidwa kudikira amasiye ndi odwala mu Febuluwale.

Chilimwe chinali cha misonkhano ya chitsitsimutso, maukwati ndi kuumba njerwa. Tinkayenda pansi mitunda yaitali, ufa ndi mphasa zili pamutu, kukagona kumpingo wa anzathu, usiku n'kumaimba mozungulira moto. Tikamabwerera, nyenje zinali zitayambanso.

Lero zonsezi zasokonekera, ndipo mtima wanga umawawa. Mvula imafika mu Disembala, nthawi zina Khrisimasi n'kudutsa anthu asanabzale. Ikagwa imadula chimanga chili pafupi kumasula, kapena imabwera yaukali n'kukokolola munda ndi nyumba zomwe. Mu 2002 tinaona anthu akudya zitsa za nthochi, ena akuvulazidwa chifukwa cha dowe wa m'munda wa eni. Mu Malichi 2023, kutatsala masabata ochepa kuti Pasaka afike, namondwe Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, n'kupha anthu oposa 1,000. Chaka chotsatira ng'amba inawotcha minda, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Pasaka wa 2024 anafika m'midzi yambiri mulibe dowe woti n'kuphika.

Ena amafunsa ngati Mulungu waiwala lonjezo lake. Ine ndimakana. Akatswiri a zanyengo amanena za utsi wa mafakitale a maiko olemera umene watenthetsa dziko lonse, ndipo akunena zoona. Koma nafenso tili ndi mlandu wathu. Mapiri amene anali bii ndi mitengo lero ndi miyala yokhayokha. Nkhalango ya Dzalanyama ikutuluka m'matumba a makala panjinga usana ndi usiku. Madambo talima mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Adamu anaikidwa m'munda kuti aulime ndiponso ausunge. Ife tagwira kulima kokha.

Zikondwerero nazo zatayana ndi munda. Masika ambiri masiku ano ndi envulopu. Ndalama si tchimo, ndipo wa m'tauni alibe nkhokwe, koma mwana amene sanaonepo mayi ake akusankha ngala yabwino koposa adzaphunzira kuti kuthokoza? Khrisimasi yasamukira kumalo omwera mowa ndi kunyanja. Ana athu ali ku Lilongwe, ku Johannesburg, ku Cape Town. Amatumiza ndalama pafoni, Mulungu awadalitse, koma pamphasa pali mbee. Mpunga tsopano ulipo wambiri, odya nawo ndiwo kulibe. Khrisimasi yapitayi ndinaona gogo mnzanga atakhala yekha pakhonde tsiku lonse, popanda mbale yochokera khomo lina lililonse.

Sindikunena kuti kale kunalibe mavuto. Tinaika ana ambiri m'manda chifukwa cha chikuku ndi malungo, ndipo ndimathokoza kuti inu muli ndi katemera ndi sukulu. Chimene ndikulira n'chakuti tinkadziwa nthawi yopempha, yopirira ndi yothokoza, ndipo zonsezi tinkachitira pamodzi pamaso pa Mulungu.

Tsono ndikupempheni, ana anga. Mvula ikagwa chaka chino, tengani adzukulu anga mupite nawo kumunda, mupemphere musanaponye njere yoyamba. Bzalani mitengo m'malire a munda ndi kuzungulira tchalitchi, muisamale mpaka ikule. Tsiku la masika, ngakhale mwakonza envulopu, mwana asenze kadengu ka chimanga kapena mtedza alowe nako yekha m'tchalitchi. Ndipo pa Khrisimasi bwerani kumudzi, muphike mpunga wokwanira, mbale yoyamba mukapereke kwa nkhalamba imene ilibe woiphikira.