Chikombole cha Nyimbo

Galamafoni imene ndidaloŵa nayo m'kalasi m'chaka cha 1981 idali ya amalume anga. Adabwera nayo kuchokera ku Joni pamodzi ndi chijekete chachikulu ndi mbale 12 za nyimbo, koma pofika chaka chimenecho zidatsala 7 zokha, popeza mbale zakale zija zinkasweka ngati phale ukangozitaya pansi. Adandibwereka monyinyirika, nandilangiza katatu konse kuti mwana aliyense asayerekeze kuipukusa. Ine ndidali m'chaka chachiŵiri cha uphunzitsi, ndipo mutu wa tsikulo mu Sitandade 8 udali wa kamvekedwe ka mau. Ndinkadziona kuti ndaukonzekera mokwanira.

Poyamba zonse zidayenda monga ndidalembera. Ana adagwira pakhosi uku akung'ung'udza, namva kunjenjemera kwa liu lao. Tidapinda pepala ngati fanulo, kubaya singano yosokera kunsonga kwake, ndi kuikhazika pa mbale imodzi imene tinkaizungulitsa pa pensulo. Nyimbo idatuluka m'pepalamo chapansipansi ngati kulira kwa udzudzu, ndipo kalasi yonse idati zii. Nditafunsa kuti tingalande tili pambalepo ndi tingati, ena adati 100, ena 1,000, mpaka mtsikana wina adalondola ndi diso nazindikira kuti kangalande nkamodzi kokha, koyambira m'mphepete ndi kuzungulira mpaka pakati. Mtima wanga udali m'malo.

Tsono kumbuyo kudaimirira mnyamata wina wamkulu msinkhu, amene kaŵirikaŵiri sankayankhula m'kalasi. Bambo ake adali oumba njerwa. Iye adati, "Aphunzitsi, kwathu iliponso mbale yonga yomweyi, nyimbo yakenso ndi yomweyi. Kodi munthuyu adaimba kangati kuti mbale zonse zikwane?" Anzake adaseka. Ine ndidayankha msanga kuti adaimba kamodzi, mau ake adalembedwa pa phula, ndipo mbale zinazo amazidinda pa phulalo. Mnyamatayo sadakhale pansi. Adati, "Pepani aphunzitsi, koma chikombole chimayenera kulimba kuposa dothi. Ndiponso pamene njerwa ili ndi dzenje, chikombole chimakhala chotukuka. Nanga phula lingadinde bwanji mbale yolimba chotere?"

Ndidayang'ana wotchi ndi kunena kuti nthaŵi yatha. Idali isadathe, padatsala mphindi 10, ndipo ana a kutsogolo ankaiona wotchiyo monga momwe ndinkaionera ine. Ndikulemba izi patapita zaka zoposa 40, koma manyazi a mphindi zimenezo ndikuwakumbukirabe bwino. Yankho langa lidali longopeka, ndipo mwana wa woumba njerwa adaligumula ndi nzeru za pa uvuni wa bambo ake.

Loŵeruka lotsatira ndidapalasa njinga kunka kwa mnzanga amene ankaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo ine ndidali nditadya kale langa pamaso pa ana. Zimene ndidapeza m'mabuku a kumeneko, ndi zina zimene ndaŵerenga m'zaka za pambuyo pake, ndi izi.

Choyamba chidandidabwitsa nchakuti funso limene kalasi idaseka silidali lopusa konse. Thomas Edison adapanga makina ojambula mau m'chaka cha 1877, ndipo m'zaka za m'ma 1890 oimba ankaimbadi mobwerezabwereza. George W. Johnson, woimba wakuda wa ku America, ankaimba nyimbo imodzimodzi tsiku lonse patsogolo pa makina angapo, chifukwa njira yabwino yochulukitsira nyimbo idali isadapezeke. Emile Berliner, amene adatulukira galamafoni m'chaka cha 1887, ndiye adabweretsa mbale yafulati, ndipo ubwino waukulu wa chinthu chafulati ngwakuti chimadindika. Pofika cha m'ma 1900 Eldridge Johnson wa ku Camden, New Jersey, adali atakonza njira yosemera kangalande pa phula. Apa mpamene pamabwera vuto la mnyamata uja: phula nlofeŵa, ndipo kangalande kake nkoloŵa m'kati, pamene chodindira chiyenera kukhala cholimba ndi chotukuka.

Amene adathetsa vutoli ndi magetsi. Luigi Brugnatelli wa ku Italy adaonetsa m'chaka cha 1805 kuti mphamvu ya batire ingathe kukuta chinthu ndi chitsulo china. Michael Faraday adalongosola malamulo ake m'zaka za 1833 ndi 1834, ndipo mu 1838 Moritz von Jacobi, ali ku St Petersburg, adagwiritsa ntchito njirayi poumba zifaniziro za mkuwa. Mfundo yake njapafupi. Mukasungunula mchere wa chitsulo m'madzi ndi kuviikamo zinthu ziŵiri zolumikizidwa ku batire, chitsulo chimachoka pa chinthu cha ku mbali ya + ndi kukamera pa chinthu cha ku mbali ya −. Chimamera kachidutswa kamodzikamodzi, tizidutswa tosaoneka ndi maso, motero chimaloŵa m'kakhonde kalikonse ndi kutenga maonekedwe ake osasiyako kanthu. Palibe mmisiri wa nyundo angathe kusula chotero. Chitsulo chosungunula pa moto chikadaononga phula nthaŵi yomweyo, koma ichi chimamera m'madzi.

Phula silidutsa magetsi, choncho akale ankaliwaza ufa wosalala wa graphite, womwe uja uli m'kati mwa pensulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 phula lidayamba kusiyidwa, ndipo m'malo mwake mudaloŵa mbale ya aluminiyamu yokutidwa ndi utoto wofeŵa wotchedwa lacquer. Mmisiri akasema nyimbo pa mbale imeneyi, amaitsuka mosamala kwambiri, chifukwa kafumbi kamodzi kotsalira kadzamveka kuti "tha" pa mbale iliyonse imene idzadindidwe. Kenaka amaipopera mankhwala osiya siliva wopyapyala ngati wa pa kalilole, naiviika m'thanki ya madzi a mchere wa nickel. Magetsi amayamba nawo pang'onopang'ono kuti utoto uja usaonongeke, nawaonjezera pamene chitsulo chagwira. Pakapita maola angapo amasenda chimbale cha nickel chosafika ngakhale theka la milimita kuchindikala kwake. Pamene padali kangalande, apa pali kamtumbira.

Amisiri a ntchitoyi adapatsa zimbalezi maina a pa banja. Choyambachi amachitcha "bambo". Chingathe kudinda, koma chikatha ndiye kuti nyimbo yathanso, pakuti mbale yofeŵa ija kaŵirikaŵiri siigwiranso ntchito ikasendedwa. Nchifukwa chake amabwezera bamboyo m'thanki nameretsa pa iye chimbale china, "mayi", chimene chili ndi kangalande ngati mbale yeniyeni, ndipo angathe kuchiliza kuti amve ngati muli cholakwa. Pa mayiyo mpamene amameretsa zidindo, za mitumbira ngati bambo wao. Bambo mmodzi amabala amayi angapo, ndipo mayi aliyense amabala zidindo zingapo. Zidindo ziŵiri, china pamwamba china pansi, zimamangidwa m'makina. Pakati amaikapo chibumi cha pulasitiki wotentha pamodzi ndi mapepala a dzina la nyimbo, makina napana mwamphamvu, nthunzi itatenthetsa, madzi nkuziziritsa. Pa theka la mphindi mbale yatuluka. Chidindo chimodzi chimadinda mbale pafupifupi 1,000 chisadafumbutuke. Mbale za amalume, zozungulira ka 78 pa mphindi, zidali za shellac, utomoni wochokera ku tizilombo tina ta ku India, wosakanizidwa ndi ufa wa miyala. Ndicho chifukwa chake zinkasweka. Za pulasitiki zoimba nthaŵi yaitali adazitulutsa a Columbia m'chaka cha 1948.

Ndidabwerera ku sukulu ndi kabotolo ka mchere wa buluu wotchedwa copper sulphate, kamene mnzanga uja adandigaŵira. Lolemba m'maŵa ndidaima patsogolo pa kalasi ndi kunena kuti yankho langa la sabata yatha lidali lolakwa, ndipo kuti mnzao adanena zoona. Sindinganame kuti zidali zapafupi. Mphunzitsi wina wamkulu adandichenjeza kuti ana akangodziŵa kuti umalakwa, sadzakuopanso. Mwina kuopa adachepetsadi, koma mafunso adachuluka, ndipo pa ziŵirizi ndidasankha kukhala ndi mafunso.

Tidasungunula makandulo aŵiri m'chivindikiro cha chitini, ndipo phula litauma mnyamata uja adalembapo ndi singano chilembo choyamba cha dzina lake. Tidapala pensulo yofeŵa mpaka ufa udakwanira, nkuupaka pa phulalo ndi nthenga ya nkhuku kufikira lidachita kung'anima. Tidalumikiza waya wamkuwa, kuviika zonse m'botolo la madzi a buluu moyang'anizana ndi chingwe china cha mkuwa chopindapinda, ndipo pofuna kuti ana aone zotsatira belu lisadalire, ndidamanga mabatire anayi a tochi pamodzi. Chidatuluka ndi matope ofiirira amene adayoyoka titangowakhudza. Kachiŵiri sipadamere kanthu pa phula, mkuwa wonse udaunjikana pa waya, chifukwa ufa wa pensulo sudakhudze wayayo. Ana adayamba kunong'onezana, ndipo aphunzitsi aakulu adandikumbutsa kuti mayeso a Sitandade 8 safunsa za magalamafoni. Adanena zoona, ndipo masabata aŵiri amenewo ndidawalipira pophunzitsa masana ena mpaka dzuŵa kupendeka.

Ulendo wachitatu tidachita monga amachitira amisiri aja: batire imodzi yokha, phula ku mbali yafulati ya batire, chingwe cha mkuwa ku kachipewa kake, ufa wopakidwa mpaka pa waya, ndipo botolo tidalisiya pa windo usiku wonse. M'maŵa mwake kadontho kofiira kadali katayamba pa waya nkumafalikira pa phula ngati ndere pa mwala. Tidasintha batire, nkudikiranso masiku aŵiri. Inu amene mudzafune kuyesa zimenezi, dziŵani kuti mchere wa buluuwo ndi poizoni: botolo lilembedwe, likhale m'manja mwanu, ana asambe m'manja, ndipo madziwo asatayidwe kufupi ndi chitsime. Yesaninso nokha kunyumba musadaonetse ana, chimene ine sindidachite. Komabe ndikaganiza bwino, matope ofiirira aja adaphunzitsa kalasi yanga chifukwa chake magetsi amayamba pang'onopang'ono kuposa m'mene ndikadalongosolera pa bolodi.

Ophunzira anu a lero adazoloŵera nyimbo za pa foni, ndipo ambiri sadaionepo mbale ya galamafoni. Musafulumire kuitaya nkhaniyi poganiza kuti njakale. Mbale zidabwereranso pa msika, kotero kuti m'chaka cha 2022 ku America zidagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chiyambire 1987, ndipo zonsezo zidadindidwa ndi zidindo za nickel zomeretsedwa m'madzi. Pamene fakitale ya Apollo Masters ku California idapsa mu February 2020, dziko lonse lidatsala ndi kampani imodzi yokha ya ku Japan yopanga mbale zofeŵa zija. Nyimbo za makolo athu zimene Hugh Tracey adajambula kuno m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 zidatulukanso pa mbale zodindidwa mwa njira yomweyi, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University. Phunziro la magetsi, la mau, la mbiri ndi la nyimbo zimakumana pa botolo limodzi la madzi a buluu.

Lachisanu tidatulutsa phula m'botolo. Ndidapatsa mnyamata uja lumo kuti asende yekha, ndipo manja ake ozoloŵera dothi adachita mwaulemu kuposa m'mene ndikadachitira ine. Kachikopa ka mkuwa kadatuluka kathunthu, kopyapyala ngati khoko la anyezi, chilembo chake chili chotukuka ndi chotembenuka. Tidathira phula kumbuyo kwake kuti kalimbe, ndipo adakadinda pa dongo lonyoŵa: kamodzi, kaŵiri, mpaka ana onse a mzere wake adali ndi chilembo chimodzimodzi m'manja. Pa ulendo wa 14 kadang'ambika pakona. Iye adakayang'ana, nanena kuti tikadayamba taumba mayi.

Galamafoni ndidaibweza Lamulungu. Amalume adatenga mbale imene tidaliza ndi singano yosokera ija, naipendeketsa pa dzuŵa, naona pamene idakandika. Sadandibwerekenso.