Kubwerera pa Madzi a Kariba

Munthu wocokera ku Lusaka amene afuna kukafika ku Siavonga ayenda makilomita pafupifupi 200. Akaoloka mtsinje wa Kafue atenga mseu wa ku Chirundu umene utsetsereka m'mapiri mokhotakhota, ndipo asanafike pa malire apatukira ku dzanja lamanja, kulowa m'cigwa cotentha ca mitengo ya mupani ndi milambe. Ife mseu umenewu tinauyenda kawiri, koma maulendo awiriwo sanafanane konse. Woyamba unali wa mu Epulo 2023, usiku, titalandira foni yakuti mwana wa mlongo wathu watemedwa mwendo ndi injini ya boti. Za m'njira sitikumbukako kanthu. Waciwiri unali wa mu Okutobala 2024, pamene mnyamata yemweyo anatitumira mau akuti: "Amalume, bwerani mudzaone ndi maso anu, kuti mukauze amai."

Cimene anatiitanira tiyenera kucifotokoza poyamba, pakuti ambiri mwa inu owerenga, makamaka a kwathu kum'mawa, simunaonepo masewera amene Azungu amati water skiing. Munthu avala ku mapazi matabwa awiri aatali ndi opyapyala, nakhala m'madzi ngati wakhala pa mpando, mawondo atapinda, nsonga za matabwawo zitasuzumira kunja. M'manja agwira kamtengo komangidwa ku cingwe ca mamita 23 kapena kucepera pang'ono, ndipo cingweco amacimanga kumbuyo kwa boti ya injini. Boti ikanyamuka mwamphamvu, madzi amakankha matabwawo kucokera pansi, munthu nadzuka pang'onopang'ono mpaka kuimirira. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola madzi amalimba ngati bwalo. Liwiro likacepa, munthu amira. Anayambitsa masewerawa ndi mnyamata wa zaka 18 wa ku America, Ralph Samuelson, m'caka ca 1922 pa nyanja ya Pepin m'cigawo ca Minnesota, ndipo iye anagwiritsa nchito matabwa wamba a paini amene anawapinda nsonga.

Mwana wa mlongo wathuyo anapita ku Siavonga atatsiriza Giredi 12, napeza nchito pa nyumba ina ya alendo ya m'mbali mwa nyanja. Pa masewera amenewa pafunika anthu atatu: wokokedwa, woyendetsa boti amene ayang'ana kutsogolo, ndi wacitatu amene akhala cofulatira, maso ake ali pa wokokedwayo, kuti auze woyendetsa zonse zocitika kumbuyo. Nchito ya mnyamata wathu inali yacitatuyi. Miyezi yambiri anali kungoonerera ana a anthu olemera a ku Lusaka akugwa ndi kudzuka, kufikira tsiku lina madzulo alendo atatopa, woyendetsa boti, bambo wacikulire amene wakhala pa nyanjapo zaka zambiri, anamuuza kuti ayeseko. Anacita bwino msanga, kotero kuti mwini malo anayamba kumtuma kuti azionetsa alendo kacitidwe kake.

Tsoka linagwa pa nyengo ya Pasaka, malo atadzaza ndi alendo. Iye ndiye anali pa cingwe, ndipo pa mpando wake wa woyang'anira panalibe munthu, koma alendo okha amene anali kujambula zithunzi. Atagwa, boti inazungulira kuti imtole monga mwa masiku onse, koma woyendetsa sanazimitse injini. Mphepo inakankha mbuyo ya boti, ndipo pulopela, ndiko kuti mapiko acitsulo amene amazungulira pansi pa injini, inamtema katatu pa mwendo wamanja, kuyambira pa katumba mpaka pa kakolo. Mabala a pulopela sasokonekera: amakhala m'mizere yotsatana ngati mphini. Mai wina mwa alendowo anam'manga thaulo mwamphamvu ndi kupanikiza bala njira yonse ya ku cipatala, ndipo madokotala anatiuza kuti cimeneco ndico cinam'pulumutsa.

Ku cipatala tinadabwa kuona kuti mabala sanawasoke tsiku lomwelo. Tinayamba kung'ung'udza, koma namwino wina anatimasulira mofatsa kuti bala limene lalowa madzi a m'nyanja limakhala ndi tizirombo, ndipo ukalitseka msanga umatsekera mafinya m'kati. Conco anali kulitsuka ndi kucotsa mnofu wakufa kwa masiku angapo, atam'lasa nyereti yoteteza kafumbata, ndipo pambuyo pake analumikiza mtsempha wa kumbuyo kwa cidendene umene unadulidwa mbali imodzi. Anakhala m'cikhakha masabata opitirira 6. Pamene anacicotsa, mwendowo unali wowonda ngati wa mwana, ndipo phazi linali louma, losafuna kupinda.

Miyezi yotsatira anakhala kwa amake kumudzi. Tinali kumpeza pa khonde m'mawa, atakoleka citenje ku zala za phazi, akukoka pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu. Kenaka anayamba kuimirira pa zala atagwira mzati, kenaka pa mwendo umodzi, mpaka ndodo zoyendera anazipacika ku denga. Amake anali atalumbira kuti mwana wao sadzapondanso ku nyanja. Ifenso, tinene zoona, tinali mbali yao. Tinam'pezera ngakhale malo pa sitolo ya mnzathu wina pa boma. Iye anatithokoza mwaulemu, nagwirako miyezi iwiri, ndipo tsiku lina anakwera basi.

Ndico cifukwa cake mu Okutobala 2024 tinapezeka tikutsika m'cigwa cija masana, dzuwa likuswa mtengo. Pa ulendo uno tinali ndi maso. Tinaona midzi ya ku Lusitu, ya nthaka yofiira yokokoloka, kumene ena mwa Atonga anasamutsidwira pamene dziko lao linamizidwa. Anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anacotsedwa m'midzi yao kuti nyanja imeneyi ikhalepo. Munthu ukafika pa Siavonga ndi kuona madzi obiriwira atatambalala mpaka kumene maso alekezera, makilomita oposa 220 m'litali, nkosavuta kuiwala kuti pansi pake pali minda, misika ndi manda a makolo a anthu. Cimene cimakumbutsa ndi mitengo yakufa ya mupani imene iimirira m'madzi ngati mikondo, yosaola ngakhale papita zaka zoposa 60.

Caka cimeneco cinali ca cilala cacikulu, pamene magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse m'mizinda yathu cifukwa madzi a Kariba anacepa kwambiri. Gombe linali litathawira kutali, masitepe ofikira pa maboti atatsala pa mtunda, ndipo zitsa zimene kale zinali zobisika zinali poyera. Mnyamata wathu anatitengera kukaona khoma la damu, la mamita 128 kutalika kwake, limene linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959. Kutsidya, pa phiri la tauni ya Kariba m'dziko la Zimbabwe, kuli kachalichi ka Barbara Woyera kamene anamanga anchito a ku Italy pokumbukira anzao 86 amene anafa pomanga khomalo. Iye anayenda nafe mtunda wonsewo wapansi. Tinali kumuyang'ana mwakabisira: atsimphina pang'ono potsika, koma pokwera sungadziwe.

Madzulo tinakhala panja, tikudya nsima ya kapenta, nsomba zazing'ono zija zimene anazibweretsa kucokera ku nyanja ya Tanganyika ca m'ma 1967. Mdima utagwa, nyali za maboti ogwira kapenta zinayamba kuyaka pakati pa nyanja, zambirimbiri, ngati mudzi wina wauka m'madzimo. Pamenepo ndi pamene anatiuza zimene sanauzepo amake.

"Amalume, mwendo unapola kale, Khrisimasi isanafike. Cimene sicinapole ndi makutu. Nditabwerera kuno, injini ikangolira, mawondo anali kugwedezeka okha. Sabata yoyamba ndinali kungotsuka maboti pa mtunda."

Anatifotokozera mmene anayambira kusambira m'dziwe la alendo m'mamawa kusanace, mmene pambuyo pake anabwerera pa mpando wake wa woyang'anira, ndi mmene anakhalira miyezi itatu akuyang'ana ena popanda iye kukhudza cingwe. Tsiku lina anavala jekete yoyandamitsa, natsikira m'madzi pafupi ndi boti yozima, nangogwira pulopela ija ndi dzanja, kuti aidziwe kukula kwake. "Ndi kanthu kakang'ono," iye anatero, "m'maloto kanali kakakulu ngati gudumu la thirakita."

Tinamufunsa kuti nanga mawa adzayendetsa boti ndani. Atachula bambo wacikulire uja, nsima inatikakamira pa khosi. Munthu ameneyu tinamuona ku cipatala mu 2023, atakhala pa benci panja pa wodi tsiku ndi tsiku, cipewa cili m'manja, ndipo ife sitinam'patse moni ngakhale kamodzi. Timaphunzitsa ena za kukhululuka, koma pa benci paja tinali kudutsa ngati pakhala citsa.

"Mwana iwe, kodi madalaivala anatha pa Siavonga pano?"

"Alipo ambiri, amalume. Koma amene adziwa cimene pulopela imacita pa thupi la munthu ndi iwo okha. Enawo anangomva."

Sitinayankhe. Usiku umenewo tulo sitinatione bwino, ndipo kutentha kwa m'cigwa sikunali cifukwa cokha.

M'mawa mwake tinanyamuka 6 koloko isanakwane, pakuti nthawi imeneyo nyanja imakhala yosalala mphepo isanadzuke. Bambo uja anatilonjera mowerama, nafenso tinayankha, ndipo mau athu anatuluka ouma kuposa mmene tinafunira. Anayendetsa boti kutali ndithu ndi gombe. Anati m'mbali ndimo mukhala ng'ona ndi mvuu, ndiponso nkhono za likodzo, ndipo ndi madzi ocepawo zitsa zinali zoopsa koposa. Titafika pa madzi akuya anazimitsa injini, natembenukira kwa ife.

"Bambo, lero mpando uwu ndi wanu. Ine ndiyang'ana kutsogolo, inu ndinu maso anga a kumbuyo."

Tinayesa kukana, koma mnyamata anali atayamba kale kutiphunzitsa zizindikiro. Cala cacikulu m'mwamba, onjezani liwiro. Cala cacikulu pansi, cepetsani. Dzanja lodutsa pa khosi, zimitsani injini. Akagwa, ife tifuule kuti wagwa, ndipo tisacotse maso pa iye kufikira atagwirizanitsa manja pamwamba pa mutu, kusonyeza kuti ali bwino. Tinazindikira kuti awiriwa anapangana kale, ndi kuti mpando umene anatipatsa ndi womwe uja unali wopanda munthu tsiku la ngozi.

Anatsikira m'madzi. Zipsera zitatu zija zinaoneka bwino pamene anali kulowetsa phazi m'tabwa. Cingwe cinatambasuka, iye anafuula, injini inabangula, ndipo asanadzuke nkomwe anagwera kutsogolo. "Wagwa!" tinakuwa ndi mau amene sitinadziwe kuti tili nao. Manja anaoneka pamwamba pa mutu. Boti inazungulira patali, inamuyandikira ku mbali ya woyendetsa kuti azimuona, ndipo kutatsala mamita angapo bambo uja anazimitsa injini, nasolola kiyi, naikweza m'mwamba kuti mnyamata aione. Kunangoti zii. Tinamva nkhwazi ikulira kutali.

Ulendo waciwiri anadzuka theka, koma mwendo wamanja unathawira kunja, nagwa cam'mbali. Kiyi inakwezedwanso. Anapuma pang'ono atagwira m'mphepete mwa boti, ndipo bambo uja anamuuza motsitsa mau kuti asalimbane ndi cingwe, mikono ikhale yowongoka, mawondo pa cifuwa, alekere boti nchito yomudzutsa. "Ukufulumira kuimirira cifukwa ufuna kucoka m'madzi msanga," anatero. Mnyamata anaseka, navomera.

Ulendo wacitatu tinaona mutu, kenaka mapewa, kenaka thupi lonse likutuluka m'thovu, madzi akugawanika uku ndi uku pansi pa matabwa. Anaima. Poyamba anali wouma ngati mlongoti, maso ali pa mapazi. Kenaka anaweramutsa mutu, nayang'ana mapiri a kutsidya, ndipo patapita kanthawi anacotsa dzanja limodzi pa kamtengo kaja, natukula cala cacikulu m'mwamba. Ife tinazengereza. Mlongo wathu anatibwerera m'maganizo, ndi thaulo lija lofiira. Koma tinapatsidwa nchito yonena zimene taona, conco tinati: "Akuti muonjezere." Bambo uja sanaceuke, anangokankha cogwirira pang'ono, ndipo mnyamata anapendekeka, nadumpha mzere wa mafunde a boti, kupita kunja kumene madzi anali osalala ngati galasi.

Anayenda mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi basi, pakuti mwendowo utopa msanga, ndipo dokotala anamuuza kuti aziumvera. Anataya cingwe yekha, namira pang'onopang'ono mpaka m'khosi. Injini inazima, kiyi inakwera m'mwamba, ndipo pomukweza m'boti tinagwira dzanja limodzi ife, lina bambo uja.

Tili pa basi yobwerera, titapitirira Lusitu, tinaimbira mlongo wathu. Tinamuuza zonse mwa ndondomeko yake, za kugwa kawiri, za kiyi, ndi za mpando umene tinakhalapo. Anakhala cete nthawi yaitali, mpaka tinaganiza kuti foni yaduka m'mapirimo. Kenaka anafunsa ngati mwanayo wanenepako, ndiponso ngati bambo woyendetsa botiyo amadya nshawa, pakuti anali nazo thumba limodzi lotsala.