Wodwala Akatuluka M'chipatala Amapita Kuti?

Masiku ano ukapempha kukwezedwa pantchito kuyunivesite, kapena ukafunsira ndalama za kafukufuku, choyamba chimene amatsegula ndi tsamba lako la Google Scholar. Amafuna manambala awiri: wasindikiza mapepala angati, ndipo anzako akutchula kangati m'mapepala awo. Ine ndine dokotala wa maopaleshoni, ndipo kafukufuku wanga ndi wa momwe thupi limalimbanirana ndi kutaya magazi ndiponso mafinya a m'mimba. Manambala angawo sindichita nawo manyazi. Chimene chimandiwawa ndi kuona munthu amene sanachezerepo usiku muwodi ali ndi mndandanda wautali kuposa wanga, mapepala onsewo otuluka m'magazini amene amalandira chilichonse bola walipira.

Magazini amenewa amakulembera okha pa imelo, kukutamanda kuti ndiwe katswiri wotchuka, n'kulonjeza kuti asindikiza sabata isanathe. Sabata! Owunika enieni amasunga pepala miyezi, n'kulibweza lili zilembo zokhazokha. Mu 2013 mtolankhani John Bohannon wa magazini ya Science anapeka pepala labodza la mankhwala a khansa, lodzaza dala ndi zolakwa zoonekeratu, n'kulitumiza ku magazini 304. Okwana 157 analilandira. Jeffrey Beall, woyang'anira laibulale ku Colorado, ankasunga mndandanda wa magazini achinyengo oterewa mpaka unatsekedwa mu 2017, koma malondawo akuyendabe, ndipo makasitomala ena ndi anzanga omwe.

Za kulemba ndondomeko ya kafukufuku, kupita nayo ku komiti ya COMREC kapena ya NHSRC kuti aivomereze, ndi kupempha chilolezo kwa wodwala, sindikhalitsapo. Aliyense wa ntchito ino amazidziwa. Masamu nawonso kompyuta imathandiza. Pamene pamalekanira mmisiri ndi wongodzaza mapepala ndi pa tsiku la 30 pambuyo pa opaleshoni.

Lamulo la ntchito yathu limati uziwerenga amene amwalira kapena kudwalanso m'masiku 30 chichitireni opaleshoni. Kulemba n'kosavuta. Koma bambo amene tamuwongola matumbo opotana amatuluka bala likayamba kupola, n'kukwera minibasi, kenako kabaza, ulendo wa kumudzi. Nambala ya foni imene analembetsa ndi ya mlamu wake amene anabwera kudzamudikirira, ndipo mlamuyo wabwerera ku Joni. Ina ndi ya mwana wasukulu amene foni yake imayaka Loweruka lokha akapita nayo kukatchaja kumsika. Dzina la m'buku la kuthiyeta si limene amamudziwa nalo kumudzi, ndipo zaka zake analemba mongoyerekeza. Choncho ine ndimalembetsa nambala za anthu angapo wodwala asanagonekedwe, ndipo namwino amaziimba pomwepo kuti timve kuti zikulira. Timalemba mudzi, mfumu, mpingo, sukulu yoyandikana nayo ndi dzina la mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Foni zikakanika, mlangiziyo ndiye amapalasa njinga kukaona.

Ndipo kufunsako kuli ndi luso lake. Ukafunsa kuti "Ali bwanji bambo?" yankho ndi lakuti "Ali bwino," ngakhale munthuyo ali gone pamphasa bala likutuluka mafinya. Anthu athu sadandaula kwa dokotala amene anawathandiza. Uyenera kufunsa zinthu zogwirika: adya nsima lero? Akupita okha kuchimbudzi? Nsalu ya pabala mukuisintha kangati? Apitako kumunda? Pamenepo zoona zimatuluka.

Wina angati bwanji osangowasiya osowawo, n'kuwerenga amene apezeka. Ambiri amatero. Vuto n'lakuti osowa aja sasowa mwangozi. Amene wachira amayankha foni mokondwa; kumene kwagwa maliro foni imakhala yozima, kapena abale safuna kumvanso za chipatala. Ukataya wodwala mmodzi mwa asanu alionse, nambala yako ya imfa imaoneka yokongola chifukwa akufa ambiri ali m'gulu lotayikalo. Ngakhale kafukufuku wamkulu wa African Surgical Outcomes Study, amene anatuluka mu The Lancet mu 2018 atatsata odwala oposa 11,000 m'mayiko 25, anawerenga zochitika m'chipatala mokha. Anapeza kuti odwala a mu Africa amamwalira kuwirikiza kawiri pambuyo pa opaleshoni poyerekeza ndi chiwerengero cha dziko lonse lapansi, chonsecho ndi achichepere ndiponso odwala pang'ono. Ndi ntchito yolemekezeka. Koma za kumudzi zikudikirabe wozitsata.

Khalidwe limeneli ndinalitengera kwa aphunzitsi anga, mkulu wina wa maopaleshoni amene sankakweza mawu koma tonse tinkamuopa. Lachisanu lililonse ankatenga buku lalikulu la kuthiyeta, lachikuto chothimbirira, n'kutsetsereka ndi chala dzina ndi dzina. Akaima pa dzina ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Adokotala, uyu anapita kuti?" Ukati anatuluka, ankati, "Sindinafunse ngati anatuluka. Ndafunsa kuti anapita kuti." Mawu akuti "adokotala" ankawatchula mwaulemu wobaya, moti unkalakalaka akanangokukalipira.

Ndiwonso anandiphunzitsa kusakhulupirira BP payokha. Mlimi wachinyamata wochita ngozi akhoza kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi ake BP isanatsike, chifukwa mitsempha imafinyika ndipo mtima umathamanga kuti ubise vutolo. Ankatigwiritsa mkono wa wodwala mphindi yathunthu, wotchi ili kumanja, kenako n'kugawa kugunda kwa mtima ndi nambala yapamwamba ya BP. Mtima ukugunda ka 120, BP ili pa 100, yankho ndi 1.2, pamene munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 0.5 ndi 0.7. Muyezo umenewu ndi shock index, wa Allgöwer ndi Burri wa mu 1967, ndipo sufuna magetsi. Mapepala anga oyamba anachokera pamenepo. Mkuluyo analemba ochepa kwambiri, oti komiti ya lero ikanamuyesa waulesi. Ankakonda kutikumbutsa za Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni ku Uganda, amene pepala lake la mu 1958 mu British Journal of Surgery, lonena za chotupa cha m'nsagwada za ana, poyamba silinasamalidwe kwenikweni. Lero khansayo ili ndi dzina lake, ndipo kachilombo ka Epstein-Barr kanapezeka mu 1964 m'zotupa zomwezo.

Sindikunyoza kuwerenga kutchulidwa. Eugene Garfield, amene anayambitsa Science Citation Index mu 1964, ankafuna njira yolondolera maganizo kuchoka pa pepala lina kupita pa lina, ndipo njirayo imagwira. Jorge Hirsch anabweretsa h-index mu 2005: ukakhala ndi 20, ndiye kuti uli ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Kungoti muyezo umenewu uli ngati sikelo ya mavenda, uyenera kudziwa kumene imapendekera. Imakondera njira zoyezera zinthu. Pepala la Oliver Lowry la mu 1951, loyezera mapuloteni, latchulidwa koposa ka 300,000 chifukwa aliyense wogwiritsa ntchito njirayo amalitchula. M'maopaleshoni, kasanjidwe ka Clavien ndi Dindo ka mu 2004 ka zovuta zobwera pambuyo pa opaleshoni kali chimodzimodzi. Kwathu kuno Blantyre Coma Scale, ya Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo mu 1989, inafika kutali mwa njira yomweyo, ndipo m'poyenera. Imakonderanso matenda amene ali ndi olemba ambiri. Pepala labwino la matumbo obooka ndi tayifodi limawerengedwa ndi ma clinical officer a m'zipatala za m'maboma, amene amaligwiritsa ntchito usiku koma salemba mapepala oti akutchulemo. N'chifukwa chake zina ndimatumiza dala ku Malawi Medical Journal, podziwa kuti nambala yanga sikwera nazo kwambiri.

Ndiye pali mitengo. Magazini akuluakulu amalipiritsa madola masauzande angapo kuti pepala limodzi liwerengedwe mwaulere pa intaneti. Ena amatikhululukira ife a m'mayiko osauka, koma ukangokhala ndi mnzako wa ku Ulaya pa mndandanda wa olemba, nkhani imatha kusintha. Owunika ena amafunsa chifukwa chimene sitinajambule wodwala aliyense ndi CT, ngati kuti makinawo ali pakhomo lililonse. Opereka ndalama nawo amavomera msanga tikiti ya ndege yopita kumsonkhano, koma akafika pa mzere wa mayunitsi, mafuta a njinga yamoto ndi malipiro a namwino woimba mafoni, amati tichepetse. Mzere umenewo sindichotsa. Bajeti ikafinyidwa ndimachotsa msonkhano, ndipo namwinoyo dzina lake limalowa pakati pa olemba, chifukwa mafunso a pafoni aja ambiri anakonza ndi iyeyo.