Bwato Sagulira Pamchenga

Kwa amene anakhalako ku Bua, kumene mtsinje uja umathira m'nyanja utadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, si chachilendo kuona msodzi akukankhira bwato m'madzi asanalipire. Amalowamo, napalasa pang'ono, nayang'ana ngati likuchucha. Ife tinaziona zimenezi kawirikawiri, koma tsiku lathu logula litafika tinaziiwala. Tifuna kuulula pano m'mene zinayendera, kuti makolo ena asapunthwe pomwe tinapunthwa ife.

Makolo a pasukulu ina kumeneko, atakolola mpunga, anasonkha ndalama kuti agulire ana a Sitandade 1 ndi 2 matabuleti ochepa pamodzi ndi mapulogalamu ophunzitsa kuwerenga ndi masamu. Ndalamazo anazipereka m'manja mwathu, nati: "Abambo, inu ndinu ophunzira, tisankhireni." Mawu amenewa anatikomera m'khutu koposa muyeso. Posakhalitsa kunabwera wamalonda wochokera kutauni, natisonyeza pulogalamu ya zithunzi zowala ndi nyimbo zokoma. Tinaiyesa tokha, ife amene tinadziwa kale kuwerenga, ndipo tinapereka theka la ndalama tsiku lomwelo.

Mphunzitsi wa Sitandade 1, mayi wachikulire wosalankhula zambiri, anatipempha chinthu chimodzi: "Abambo, tamupatsani mwana uyu." Anasankha mtsikana amene anali kutsalira m'mbuyo m'kalasi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndi kumayang'ana. Mawu onse a m'pulogalamuyo anali a Chingerezi. Mwanayo ankangodinadina paliponse, ndipo makinawo ankamuombera m'manja, kaya wakhoza kaya walakwa. Patapita kanthawi netiweki inathawa, ndipo zonse zinaima. Pamenepo m'pomwe tinawerenga timalemba tating'ono tonena kuti malipiro ake ndi a mwezi uliwonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zija sizinabwerere, ndipo tinaimirira pamaso pa makolo aja ndi kupepesa chifukwa cha thukuta lawo la m'madimba a mpunga.

Manyazi amenewo ndiwo anatituma kukafunsa, ndipo tinapeza kuti njira inalambulidwa kale m'dziko lathu lomwe lino. M'chaka cha 2013 bungwe la onebillion la ku Britain, mogwirizana ndi VSO, linayesa pulogalamu ya masamu ya m'Chichewa pasukulu ya Biwi ku Lilongwe. Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anayeza anawo asanayambe ndiponso atatha milungu 8, akuphunzira mphindi 30 patsiku, nawayerekeza ndi anzawo amene sanaigwiritse ntchito. Amene anaigwiritsa ntchito anaposa anzawo pa masamu. M'chaka cha 2019 bungwelo linagawana mphotho ya Global Learning XPRIZE ndi Kitkit School, mapulogalamu awo atayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Ndipo m'chaka cha 2023 boma la Malawi linayamba ntchito ya BEFIT, ndi cholinga chofikitsa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za pulaimale za boma. Onsewa anayamba ayesa pa ana enieni asanafalitse. Ife tinalipira tisanayese.

Tsono kwa makomiti a sukulu ndi makolo onse tinena zimene taphunzira. Choyamba, funsani kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu ngati sukulu yanu ili kale m'ndondomeko ya boma, kuopa kugula chimene chili m'njira. Chachiwiri, mverani chinenero chake: mwana wa zaka 6 amaphunzira kuwerenga msanga m'chinenero chimene amalankhula ndi amake. Chachitatu, zimitsani intaneti, muone ngati pulogalamuyo igwirabe ntchito, pakuti bandulo ya mwezi ndi mwezi itha kudya ndalama zoposa mtengo wa tabuletiyo. Chachinayi, onani chimene imachita mwana akalakwa: kodi imamubweza ndi kumusonyeza njira, kapena imangomusangalatsa? Chachisanu, mphunzitsi afananize zili m'katimo ndi zimene iye amaphunzitsa m'kalasi. Potsiriza, dziwani kumene mudzatchajira, kumene mudzasungira, ndi amene adzakonze makinawo akawonongeka. Ndipo musalipire kanthu mwana wotsalira m'mbuyo asanaigwire m'manja mwake.

Pali chinanso chimene tinaona pansi pa mango paja. Makina ataima, mphunzitsi uja anatola kamtengo, nalemba chilembo "a" pamchenga, ndipo mtsikanayo anachitchula. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, makalasi athu ndi odzaza, ndipo tabuleti yabwino ithandizadi, chifukwa imayenda ndi mwana aliyense pa liwiro lake ndipo sitopa kubwereza. Koma siidziwa kuti mwana uyu wabwera osadya, kapena kuti anajomba masiku atatu chifukwa cha malungo. Amadziwa zimenezo ndi mphunzitsi, ndipo ndiye tinayenera kuyamba kumufunsa.

Ndalama zotsala zija makolo anazisunga mpaka komiti yonse itakhala pansi. Ulendo uno posankha panali mphunzitsiyo, makolo awiri ndi ana atatu. Ife tinangogwira buku lolembamo ndalama.