Nkhokwe, Makala ndi Diso la Wojambula

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli mwana amene amadzudzulidwa chifukwa chodzaza zithunzi m'masamba omaliza a kope la masamu. Ambiri amasiya akakula. Mnyamata wina wa m'boma la Dedza sanasiye, ndipo atalemba mayeso a Fomu 4 anatsimikiza mtima zofunsira malo kusukulu ya zaluso.

Masukulu ambiri otere sakhutira ndi satifiketi yokha. Mwachitsanzo, Michaelis School of Fine Art ya ku University of Cape Town imafuna kuona kaye ntchito za manja a wofunsira malo, zosankhidwa bwino ndi kuikidwa pamodzi, zimene amazitcha portfolio. Mnyamatayu zithunzi anali nazo zambiri: osewera mpira, oyimba ndi magalimoto, zonse zokopera pa makalendala ndi m'nyuzipepala. Anzake ankazitama kuti zafanana ndithu. Koma mphunzitsi wina wopuma pantchito, ataziyala pamphasa, anamuuza mosapsatira kuti zikungosonyeza dzanja lodekha basi. Mwini kamera anali atamusankhira kale poima, kuwala ndi mthunzi. Aphunzitsi a zaluso amafuna umboni wakuti munthu amatha kuyang'ana chinthu chenicheni n'kuchigoneka papepala mwa iye yekha.

Choncho anayamba ndi nkhokwe ya bambo ake. Nkhokwe imaoneka yapafupi kufikira munthu atayesa kuijambula. Siima mowongoka, imapendekera kumene mitengo yapansi yafooka. Nsungwi zake zolukidwa zimaoneka zotakasuka pakati, koma zimathinana m'mbali pamene nkhokweyo ikukhotera kuseri, ndipo amene sanaone zimenezi amajambula mphasa yoimika m'malo mwa nkhokwe. M'mawa mthunzi wa denga umagwa kwina, madzulo kwina. Anaijambula kambirimbiri, atatambasula mkono, pensulo ili m'manja, diso limodzi atatsinzina, poyerekeza msinkhu ndi kutambalala kwake asanalembe mzere uliwonse. Kenako anapita pa mtondo ndi lichero, kenako pa mbuzi, zimene sizidikira munthu, ndipo zinamuphunzitsa kutola maonekedwe a thupi lonse ndi mizere yochepa. Chomuvuta koposa chinali manja a agogo ake akutong'ola chimanga. Manja amenewo anamutengera miyezi.

Penti wa m'sitolo ndi wokwera mtengo, koma kusowa kwake sikunamuimitse. Makala a mtengo wofewa amalemba zakuda bii, ndipo akawafikisa ndi chala amatulutsa mthunzi wosalala. Anasinja katondo, mtsiro ndi dothi loyera, n'kusefa, n'kusakaniza ndi madzi ndi guluu wa matabwa pang'ono kuti zisakanganuke. Zojambula zoyeserera ankazichita pa makatoni, kuti pepala loyera alisungire ntchito yeniyeni. Ku Dedza zimenezi si zachilendo. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zimanenedwa kuti n'za Akafula, pamene zoyera zinajambulidwa ndi alimi achichewa, ndi dothi. Ku Mua nakonso, malo a KuNgoni, amene Bambo Claude Boucher anawayambitsa mu 1976, aphunzitsa amisiri ambiri a m'midzi yozungulira.

Bambo ake sanakondwere nazo, ndipo sikuti anali osazindikira. Nthawi yopalira, dzanja limene lagwira pensulo ndi khasu limodzi lachepa m'munda, ndipo ndalama ya mapepala ndi yomweyo ya feteleza. Anamvana zakuti kumunda kuzikhala koyamba, kujambula kuzibwera akaweruka. Chodabwitsa n'chakuti zojambula zake zabwino kwambiri zinachokera kumunda komweko: misana yowerama pamizere, ndi amayi obereka ana akutema m'maphango.

Adani ena anali chiswe, chinyezi ndi denga lodontha. Chithunzi cha makala chimafufutika chikakhudzana ndi chinzake, n'chifukwa chake ankaika pepala pakati pa zithunzi ziwiri zilizonse, osapinda, osakulunga. Apa ndi pamene mlangizi wa m'dera anathandiza: anamupezera malo m'kabati ya kusukulu ya pulayimale, namubwereka foni yojambulira ntchitozo pamthunzi masana, popeza masukulu ambiri tsopano amalandira portfolio kudzera pa intaneti.

Posankha zotumiza, anatenga zochepa zokha. Anaikamo nkhokwe itatu yojambulidwa miyezi yosiyana, iliyonse ndi deti lake pakona, kuti oona adziwe mmene wasinthira, komanso masamba a mbuzi zosamalizidwa, amene poyamba ankachita nawo manyazi. Osewera mpira aja anatsala pakhoma la m'gowelo. Nkhani ya fizi bambo ake anati akambirana akagulitsa soya.