Ndidanamizira firiji ya mayi a mapasa

Amene mudakhudzidwapo ndi chitedze pakhungu mukudziwa kuti ukamakanda m'pamene chimayabwa kwambiri. Ine ndimakhala pa Chitedze penipeni, pa msewu wa ku Mchinji, makilomita pafupifupi 16 kuchoka mu mzinda wa Lilongwe, kufupi ndi malo ofufuzira za ulimi aja amene adatsegulidwa mu 1948. Koma chimene chidatiyabwa ife chaka chatha si chomera ayi. Ndi mayunitsi a magetsi ndi bilu ya madzi.

Pa lendi pathu tilipo mabanja anayi, kuphatikizapo alandilodi. Mita ya magetsi ndi imodzi, mpopi ndi umodzi wa panja. Mwezi ukatha timasonkha mofanana. Zinthu zinkayenda bwino mpaka kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense n'kuyamba kuwerenga khobidi lililonse. Mayunitsi amene tinkati atifikitsa pa 30 ankatha pa 19, usiku, nsima ili pamoto.

Inu a malonda mukudziwa m'mene zimakhalira mpamba ukayamba kuchepa: maso amafuna munthu womuloza chala. Ife tidaloza mayi a mapasa, a nyumba ya kumapeto. Mayiwa amuna awo adapita ku Joni kalekale ndipo amalera ana ndi mafirizesi ndi thobwa lozizira, zomwe amagulitsa pa siteji. Ali ndi firiji ija yotsegula pamwamba, ndipo imalira usana ndi usiku.

Pa msonkhano wa pansi pa mango, amene adayankhula kwambiri ndi ine, mwana wa sukulu, wolemba nkhani. Ndidati firijiyo ndiyo ikutidyera ndalama, choncho mayiwa azilipira theka la mayunitsi onse, apo ayi asamuke. Alandilodi adagwedeza mutu kuvomereza. Mayiwa sadakweze mawu. Adangoti, "Achimwene, mwaiyeza firijiyo kapena mwangoimva kulira?"

Funso limeneli lidandisowetsa tulo. Kuti ndiwatsimikizire, ndidagula kope la masamba ochepa n'kupempha anzanga onse kuti tiyeze. Mita yolipiriratu ili ndi ubwino umodzi: imaonetsa mayunitsi otsala nthawi ina iliyonse. Usiku woyamba tidazimitsa chilichonse 6 koloko, kusiya firiji yokha, ife tikudya ndi kandulo. Pofika 6 koloko m'mawa idali itadya yunitsi imodzi. Imodzi basi, abale.

Usiku wachiwiri idali nthawi ya hotipuleti yanga. Ndimakonda nyemba, ndipo ndinkaziika pamoto zili zouma gwa, n'kumathira madzi kangapo uku ndikulemba. Maola atatu adakwana zisanapse, ndipo mita idatsika ndi mayunitsi atatu. Ndidayang'ana kopelo kawiri, n'kuganiza zong'amba tsambalo.

Masamu ake ndi osavuta, kungoti palibe amatiphunzitsa. Chipangizo chilichonse chimalembedwa mawati ake pansi kapena kumbuyo. Cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chimadya yunitsi imodzi. Chilichonse chotenthetsa, kaya hotipuleti, ketulo kapena simbi yositira, chili m'gulu limeneli. Wailesi ndi tchaja ya foni, zimene timakalipira nazo ana, sizifika n'komwe pafupi. Ndiye panali babu la panja la mawati 100, lachikale lija lotentha, lomwe tinkalisiya maola 12 poopa akuba. Pa maola 12 a usikuwo, lokhalo linkadya kuposa firiji ya mayi a mapasa. Tidaikapo la LED la mawati 9, lomwe limafuna maola oposa 100 kuti limalize yunitsi imodzi, ndipo akuba sadaone kusiyana kulikonse.

Kupepesa kudandivuta kuposa masamuwo. Ndidapita m'mawa, iwo akumanga timapepala ta mafirizesi, ndipo ndidati, "Mayi, ndidalakwitsa." Adandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Nyembazo muziziviika madzulo, achimwene. Amayi anu sadakuuzeni?" Adandiuzadi ku Nsaru ndili mwana, koma ndinkati n'zachimidzi. Nyemba zogona m'madzi zimapsa pa nthawi yochepa kwambiri. Adandionetsanso china: mphika ukawira bwino, uphule, usavundukule, uukulunge m'bulangete lakale n'kuuika m'dengu. Umapitiriza kupsa wokha ndi kutentha kwake, iwe uli ku ntchito. Tsiku loyamba ndinkaopa kuti ndipeza nyemba zosasa. Ndidazipeza zofewa, zikadali zofunda.

Za madzi zidali zochititsa manyazi chimodzimodzi. Apa tinkanena ana, ati amaseweretsa mpopi. Mpopiwo unkadontha kuyambira kale, tonse tikuuona, ena ataumanga ndi chingwe cha mphira. Nditatchera ndowa ya malita 20 madzulo, kudacha itadzaza. Ndiye kuti pa tsiku malita 40, pa mwezi 1,200, ndowa 60 zimene tinkalipira popanda wosamba kapena womwa. Mayi amene amakatunga pa kiyosiki atamva kuti wina akutaya ndowa 60 pa mwezi angamuone ngati wamisala. Pulambala adasintha kamphira ka m'kati mwa mpopi, ka mtengo wosafika botolo la mafuta ophikira. Ngati muli ndi mita ya madzi, tsekani mipopi yonse usiku, lembani manambala, m'mawa mukaonenso. Akasuntha, dziwani kuti paipi ikutaya pena pake, mwina pansi pa nthaka.

Tsono apa m'pamene ndidatsala pang'ono kupusanso. Nditaona kuti hotipuleti ndiyo mbava, ndidati basi, ndibwerere ku makala. Ambiri tidazolowera kale makala pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri mpaka mu 2023. Njinga za matumba a makala zimadutsa m'mamawa kulowera m'tauni, kugula sikuvuta. Koma thumba nalo lidakwera mtengo, ndipo nditalemba m'kope ndidaona kuti ndangosintha thumba lotulutsamo ndalama.

Palinso china chimene ogula makala sitikonda kumva. Makala ambiri a mu Lilongwe amachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo m'nkhalango yomweyo ndi m'mene mumayambira mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Madzi a m'mipopi ya mu mzinda amachokera kumeneko. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi kulowetsa m'damu, ndipo madzi a matope amafuna mankhwala ambiri kuti ayere. Zidafika poti mu 2015 asilikali adatumizidwa kukalondera nkhalangoyo. Sindikunyoza wootcha makala, nayenso ali ndi ana ofuna fizi. Ndikungonena kuti thumba limene ndimagula lero ndidzalilipiranso pa bilu ya madzi.

Chimene chidandithandiza ndi mbaula ya dothi ija amati Chitetezo. Dzinali anthu amalisokoneza ndi Chitedze, mpaka wina adandifunsa ngati timaiumba kwathu kuno. Mu 2013 boma la mayi Joyce Banda lidalengeza cholinga choti mbaula zosamala nkhuni zikwane 2 miliyoni pofika 2020, ndipo iyi ndi imene idafala m'midzi. Dothi lake limasunga kutentha, choncho tinkhuni tiwiri titatu timakwana, ngakhale zitsononkho za chimanga kapena mapesi a nandolo. Kuno nthawi yokolola zitsononkho timangotola. Vuto lake ndi lakuti imafuna munthu pafupi wosonkhezera, imadetsa mapoto, ndipo ikagwa imasweka. Yanga yoyamba idasweka sabata yachitatu, mapasa aja akuthamangitsana.

Pano nsima ndi nyemba ndimaphika pa mbaula, hotipuleti ndi ya tiyi wa m'mawa basi. Zovala timasita tsiku limodzi, Loweruka, simbi ikangotentha kamodzi. Kope lija lapachikidwa pa msomali pafupi ndi mita, ndipo mwezi watha mayunitsi adatifikitsa pa 28.

Masiku awiri otsalawo tikudziwa kumene akupita. M'kopemo mukuoneka kuti tsiku lililonse pakati pa 5 ndi 6 koloko m'mawa mita imatsika ndi yunitsi imodzi ndi theka. Mwana wina adasuzumira pa zenera n'kuona waya wotenthetsera madzi ali m'chidebe cha alandilodi. Takambirana kawiri kuseri kwa nyumba za amene akawauze. Mayi a mapasa akuti popeza ine ndine wodziwa kuyankhula pa misonkhano, ndipite ndine.