Mfuti ya ambuya ilipo, chakudya chake n'chimene chinasowa

Ife a mu Chipata tikamva mawu akuti chipolopolo, maganizo amathamangira ku mpira. Timakumbuka Libreville mu 2012, mapenoti 8 kwa 7, ndi chiphokoso chomwe chinachokera ku Kapata mpaka ku Mchini usiku uja. Chipolopolo chenicheni, cha mkuwa ndi mtovu, ambiri a ife sitinachigwirepo. Komabe kumunzi, kaya ku Chiparamba, ku Feni kapena cha ku Mwami, m'nyumba zina muli mfuti zakale zokulungidwa m'masaka. Eni ake akatisiya, mfutizo zimagwera m'manja mwa ife amene sitidziwa ngakhale tanthauzo la zolembedwa pa mpope wake.

Kwathu ilipo imodzi. Ndi yopepuka, mpope wake uli ndi ngodya 8, ndipo poikonzekeretsa kuwombera umakoka kamtengo kapansi kumbuyo ndi kukabweza kutsogolo. Pachitsulo panalembedwa dzina la Winchester, kenaka 22 W.R.F. Ambuya aamuna ankakamba kuti anaitenga kwa mzungu wa famu ya fodya komwe anali kapitao, tauni ino ikutchedwabe Fort Jameson. Masiku amenewo munthu wakuda wokhala ndi mfuti nthawi zambiri ankakhala ndi gogodela, yothira wonga kukamwa n'kusinja ndi ndodo. Choncho kamfuti kodya zipolopolo zogula m'bokosi kanali ulemu waukulu m'mudzi.

Nambala 22 ndi imene imanyenga anthu. Imangokamba kukula kwa chipolopolo, mamilimita pafupifupi 5.6, koma zipolopolo za 22 zili ndi mitundu ingapo ndipo sizilowana zonse. Chofanana n'chakuti zonse zimene tikukamba pano ndi za rimfire: mankhwala oyatsa wonga ali mu mkombero wa kumatako kwa chigoba, ndipo kamsomali ka mfuti kamamenya m'mphepete osati pakati. Nzeru imeneyi anayamba nayo ndi Flobert wa ku France mu 1845. Mu 1857 kampani ya Smith & Wesson inatulutsa .22 Short, mu 1871 kunabwera .22 Long, ndipo mu 1887 kampani ya Stevens inatulutsa .22 Long Rifle, chija alimi ambiri amangochitcha "tuu-tuu". Chathuchi, .22 Winchester Rimfire, chinabadwa mu 1890 pamodzi ndi mfuti ya Model 1890 yomwe anaikonza ndi John Browning. Panali patatsala zaka 8 kuti asilikali a azungu amenyane ndi Angoni a Mpezeni kuno kwathu.

Pa nthawi yake chinali chabwino kuposa zinzake. Mtovu wake umalemera magalamu pafupifupi 2.9, pamene wa Long Rifle ndi 2.6, ndipo chigoba chake n'chachitali komanso chonenepa, chonyamula wonga wochuluka. Chinanso chimene ife timachiona kuti n'chanzeru ndi ichi. Long Rifle imapakidwa phula kunja, ndiye ukaiika m'thumba la kabudula imatola mchenga ndi zinyalala, zomwe zimakapala mpope mkati. Pa W.R.F. mbali yopakidwa mafuta imabisika mkati mwa chigoba. Kwa munthu woyenda tsiku lonse m'fumbi la mu Okutobala, kameneka si kanthu kochepa.

Chinagwa bwanji? Cha m'ma 1930 makampani anayamba kupanga Long Rifle yothamanga kwambiri, yotsika mtengo, yopezeka paliponse, ndipo mwayi wa W.R.F. unachepa. Mu 1959 Winchester yomweyo inatalikitsa chigobacho n'kupanga .22 Magnum. Mwana anadya malo a kholo lake. Lero CCI ndi Winchester ku America amachipangabe, koma mwa apo ndi apo, makamaka chifukwa cha anthu osunga mfuti zakale.

Manje taganizani za munthu wa ku Chipata. Msuweni wathu wina wokhala ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 pa Great East Road, anafunsako m'masitolo a zida. Long Rifle inalipo. Atatchula W.R.F., wogulitsa wina anamufunsa kuti abwerezenso, wina anangopukusa mutu. Sitikuwaimba mlandu. Zipolopolo sizibwera ngati mafoni a ku Nakonde. Zimafuna zilolezo zolowetsera m'dziko, ndipo palibe wamalonda amene angavutike ndi mapepala onsewo chifukwa cha kasitomala mmodzi wofuna bokosi limodzi la 50. Kudzazanso zigoba zakale nakonso sikutheka monga amachitira ndi zipolopolo zikuluzikulu, chifukwa mkombero ukamenyedwa kamodzi watha ntchito.

Apa ndi pamene pamabwera alangizi a pa bawo. Amalume ena anakamba motsimikiza pa maliro kuti, "Adzukulu, tuu-tuu ndi tuu-tuu, ikani chilichonse chilira." Zoona, Long Rifle imalowa m'chipinda cha mfuti ya W.R.F., koma imalowa mogwedera chifukwa ndi yowonda. Ikaphulika chigoba chimatha kung'ambika, mpweya wotentha ndi tizidutswa ta mkuwa n'kubwerera kumbuyo, komwe kuli diso la wowombera. Magnum nayo ndi yaitali, siyenera kulowa n'komwe, ndipo woikakamiza akudziputira tsoka. Model 1890 iliyonse inapangidwira mtundu umodzi chabe wa chipolopolo, womwe unalembedwa pa mpope. Amalumewo timawalemekeza, koma pa nkhani iyi sitinawamvere.

Tinene kuti mwamwayi bokosi lapezeka. Kamfutika kangagwire ntchito yanji lero? Ambuya ankaphera nkhanga, nkhwali, njiwa ndi akalulu, ndipo apusi akalowa m'chimanga kulira kwake kunkakwanira kuwabalalitsa. Pa Khisimasi anthu ankawaitana kukagwetsa nkhumba kuti isavutike nthawi yaitali ndi mpeni. Pamenepo ndiye pothera mphamvu zake. Nguluwe kapena nyama ina yaikulu imangovulala n'kukafera kutali patapita masiku, kapena kutembenukira mlenjeyo. Ndipo kusaka kwenikweniko kuli ndi malamulo ake: ngakhale mbalame za m'tchire zimafuna laisensi yochokera ku DNPW, dipatimenti yoona za nyama zakutchire yomwe inalowa m'malo mwa ZAWA.

Malo nawonso anasintha. Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo kumene ambuya ankati ndi thengo lero kuli mapuloti, zidina zoumbidwa kale ndi ana opita kusukulu. Kachipolopolo ka 22 kamaoneka ngati choseweretsa, kulira kwake ngati kuthyoka kwa nkhuni, koma kakaphonya kamatha kuuluka mtunda woposa kilomita ndi theka. Pa mabokosi ake amalembapo chenjezo limeneli. Kuwombera njiwa ili pa nthambi, mpope utaloza kumwamba, ndiko kutumiza mtovu kwa munthu amene sukumuona kuseri kwa phiri. Mnyamata wa legeni amabwera ndi njiwa zomwezo popanda kuika wina pa ngozi yotere.

Chimene chinatikhalitsa pansi monga banja si mbiri yonseyi ayi, koma pepala. Malinga ndi Firearms Act, Chaputala 110 cha malamulo a Zambia, laisensi ya mfuti ndi ya munthu amene dzina lake lili pamenepo. Silowa m'chuma chamasiye ngati njinga kapena wailesi. Mwiniwake akamwalira, mfuti yokhala kuseri kwa chitseko ilibenso mwini pamaso pa boma, ndipo amene apezeka nayo, kaya ndi ambuya aakazi a zaka 80, ndiye woyankha mlandu. Zipolopolo nazo zimawerengedwa chimodzimodzi. Apolisi akhala akupempha anthu kuti apereke mfuti zopanda mapepala, ndipo njira yoti wachibale apemphe laisensi m'dzina lake imayambira komweko.

Tinagawikana. Ena a ife ankafuna kuigulitsa, poti anaona pa intaneti kuti ku America mfuti zotere osunga zakale amazigula ndi ndalama zabwino. Koma wogula wa ku America sali ku Kapata, ndipo wogula wa mumdima amene angabwere usiku sitikufuna kudziwa chimene akaichitire. Ena ankati ikhale pakhoma ngati chikumbutso. Ife olemba pano tili mbali imeneyo, pokhapokha ngati mapepala akonzedwa, chifukwa monga chida chogwirira ntchito nthawi yake inapita, koma monga mboni ya zaka za Fort Jameson palibe china m'nyumbamo chimene chingaipose.

Pomaliza tinagwirizana kuti atate aang'ono, omwe amalima ndipo ali ndi chifukwa chomveka chopemphera laisensi, aipereke kupolisi kuti isungidwe pamene akuyendetsa mapepala. Anatenganso kachitini ka fodya momwe munali zipolopolo 7 zotsala, zitachita ndere yobiriwira m'mikombero. Wapolisi wa pa kauntala anachitembenuza chimodzi kangapo, n'kuitana mnzake kuti adzaone, poti onse awiri anali asanaonepo chotere.